Achimwene pa Benchi

Mutu 6

1. Chovala cha nkhuku

Chovala cha nkhuku chinkasungidwa m'galaja ya kwa Tavion, mnyamata wina wa kusukulu, m'katoni yakale. Chinali chachikasu, nthenga zake zothothoka, ndipo chinkanunkha thukuta la anthu awiri amene anachivalapo. Aliyense wa mu ligi, gulu lawo lopikisana pa mpira wa pafoni, ankapemphera kuti chisamugwere.

Kwathu kuno ku Ledoux, m'chigawo cha Louisiana, mwana amadziwa kuponya mpira wathu wosongoka uja asanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Koma ana a masiku ano kuonerera kokha sikuwakwanira. Ali ndi mpira wina wa pafoni umene amautcha fantasi. Munthu amasankha osewera enieni a m'matimu akuluakulu n'kupanga timu yakeyake. Osewerawo akachita bwino pabwalo Lamlungu, iye amakolola mapointi ali khale pa sofa. Akachita zopanda pake, amagwa nawo limodzi.

Mu ligi ya kusukulu kwa Odessa Guillory munali anthu khumi, anyamata asanu ndi anayi ndi iyeyo mtsikana mmodzi. Lamulo lawo linali losavuta kumva. Wothera kumchira pakutha pa chaka ankavala chovala chija n'kukaima pamphambano Loweruka m'mawa wonse, atanyamula chikwangwani cholembedwa kuti SINDIDZIWA MPIRA. Amene anavala chaka chatha, dzina lake lenileni linafera pomwepo. Mpaka lero ngakhale ana a mkalasi yoyamba amamuitana kuti Nkhuku.

Odessa anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo analowa mu ligiyo chifukwa cha mchimwene wake. Renard Guillory anali wowakha mpira m'timu ina yaikulu ya kumpoto, mmodzi mwa aja amathamanga cham'mbali mwa bwalo n'kulandira mpira woponyedwa kuchokera kutali. Chithunzi chake chinali pakhoma kometera tsitsi, kogulitsa nkhanu, ngakhale mu ofesi ya abusa.

Kwa zaka zitatu Odessa sanamuchotsepo Renard pa mndandanda wa osewera ake. Kaya akukumana ndi timu yoopsa, kaya kukugwa chimvula, dzina la achimwene linkakhala pamwamba. Tawuni yonse inkadziwa zimenezi.

Koma chaka chino zinthu zinavuta. Miyendo ya Renard inayamba kulemera, ndipo timu yake inabweretsa kamnyamata kaliwiro kamene kankafuna malo ake. Pafoni, pambali pa dzina lake, panali kamuvi kofiira koloza pansi. Mapointi ake atatsika, Odessa anatsika nawo mpaka kumchira.

Kumchirako anali awiri, iye ndi Tavion. Ndipo m'sabata yomaliza awiriwa ndi amene ankakumana.

2. Tambula ya tiyi

Kutatsala sabata imodzi kuti akumane, timu ya Renard inali pa mpumulo, choncho iye anabwera kudzaona amayi ake. Loweruka masana anapita kuseri kwa nyumba kukathandiza amalume awo, a Alcide, kukonza kagalimoto kawo kokalamba. Chothandizira boneti chinaterereka, boneti n'kumugwera Renard padzanja lamanja. Odessa sanaone zimenezi.

Madzulo amayi awo, mayi Verna, anaphika msuzi wa nkhanu wotchedwa gumbo ndi mpunga, chakudya chimene Renard ankachilota ali kumpoto. Odessa anathira tiyi wozizira m'tambula n'kumupatsira mchimwene wake. Renard anatulutsa dzanja pansi pa tebulo kuti alandire. Tambula inadutsa pakati pa zala zake n'kukasweka pansi.

Onse anamuyang'ana Renard. Munthu wowakha mpira wothamanga pamaso pa khamu la anthu, walephera tambula ya tiyi!

“Achimwene, dzanjalo latani?” anafunsa Odessa.

“Palibe, Dessa. Tambula yake ndi yonyowa.”

“Tabweretsa kuno dzanjalo, Renard,” anatero amayi. “Ndinakubala ndine, usandinamize patebulo panga.”

Dzanjalo linali litatupa ngati buledi wofufuma bwino. Zala ziwiri zinkakana kupindika.

“Mawa lomwe uwaimbire madokotala a timu yanu,” anatero amayi.

“Amayi, mukudziwa mmene zimakhalira. Ndikanavulalira pabwalo, bwenzi akundisamala ngati dzira. Koma ndavulalira pa galimoto ya amalume. Akangomva, malo anga apatsa kamnyamata kaja, ndipo pangano langa ndi timu likutha chaka chino. Ndisewere kaye masewera akubwerawa, aone kuti ndikadalipo. Ndikatero ndikawauza ndekha.”

A Alcide anangoweramitsa mutu. Galimoto inali yawo, ndipo mlandu unali kuwadya mumtima.

Renard anatembenukira kwa mlongo wake. Ankakonda kumutcha bwana, poti pafoni paja iye anali wantchito wa Odessa.

“Nanga inu bwana wanga, mwamva? Musauze munthu.”

“Sindiuza munthu, achimwene. Ndalumbira.”

“Ndimadziwa,” anatero Renard, akumwetulira movutikira. “Dziko lonse lingandisiye, koma bwana wangayu ayi.”

3. Mawu a amalume

Lolemba m'mawa, Renard atabwerera kumpoto, a Alcide anamutenga Odessa pa kagalimoto kaja kukamutula kusukulu. Anali munthu wotsimphina mwendo wamanzere, wosakonda kulankhulalankhula. Koma tsiku limenelo anaimitsa galimoto patali ndi chipata cha sukulu n'kuzimitsa injini.

“Mwana wa mlongo wanga, tamvera,” anayamba motero. “Zimene akuchita mkulu wakoyu ine sindikugwirizana nazo, ndipo ndamuuza pamaso. Chilonda chobisa sichipola. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Dzanja ndi lake, ntchito ndi yake, ndipo mawuwo atuluke pakamwa pake. Akakawauza yekha, adzati ndi munthu wolimba mtima amene anangochedwa kunena. Akakamva kwa ena, adzati ndi wabodza. Ndipo wabodza palibe timu imene imamufuna.”

“Ndalumbira kale, amalume.”

“Kulumbira n'kosavuta. Ine ndinali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi pamene bondo ili linayamba kuvuta. Nthawi imeneyo ndinali ku koleji, ndipo anthu osankha osewera a matimu akuluakulu ankabwera kudzandionerera. Ndinauza munthu mmodzi yekha, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi. Nayenso analumbira ngati iwe, ndipo kunena zoona sanauze munthu. Anangosiya kundidzutsa m'mawa kuti tikathamange, monga tinkachitira masiku onse. Ankandimvera chisoni. Anthu anaona kuti akuthamanga yekha, anayamba kufunsana. Sabata isanathe, dzina langa linali litafufutidwa m'mabuku a anthu aja. Ndinabwerera kuno kudzakonza magalimoto a eni ake.”

Foni ya Odessa inanjenjemera m'thumba. Anaitulutsa pang'ono n'kusuzumira.

“Ukumva, iwe?”

“Ndikumva, amalume.”

“Chinsinsi sichitulukira pakamwa pokha. Chimatulukira pankhope, chimatulukira m'kayendedwe, chimatulukiranso pa zimene wasiya kuchita. Iwe ndiwe mlongo wake, anthu amakuyang'ana kuti adziwe za iye. Sabata ino khala monga umakhalira masiku onse. Ndipo masewera anu a pafoniwo andikwana. Mumamuona munthu ngati nambala, lero khumi ndi zinayi, mawa zisanu ndi chimodzi, mkuja mwamutaya n'kutola wina. Nambala imeneyo ili ndi mayi ake, ili ndi msana umene umawawa ikadzuka m'mawa. Ena aiwale zimenezo, koma iwe usaiwale.”

Belu la sukulu linalira. Odessa anathokoza n'kutsika msangamsanga. Mawu a amalume anawamva ndithu, koma theka la mutu wake linali pa uthenga wa Tavion umene unali utangofika. Unali chithunzi cha dzira.

4. Nthenga pa mbale

Sabata yonse anyamata aja sanamupatse mpata wopuma. Lachisanu pa nkhomaliro, Tavion anabwera ndi gulu lake n'kuika nthenga yachikasu pambali pa mbale ya Odessa.

“Aise Dessa, umavala saizi yanji? Tikufuna tichepetse miyendo ya nkhuku ija, ingakugwetse pamsewu.”

“Usavutike,” anayankha Odessa. “Chovalacho chimagona kwanu, chinazolowera kale fungo lako.”

Anyamata anaseka, wina mpaka kumenya tebulo. Koma Tavion sanali munthu wogonja pakamwa.

“Lankhula lero, mwana. Loweruka uzidzangoti kokoliko. Tangoganizani amwene, mlongo wake wa katswiri ali pamphambano, chikwangwani m'manja! Kanema wake tidzamutumiza mpaka kumpoto, achimwene akaonere limodzi ndi anzawo a m'timu.”

“Paja tinati mtsikana asalowe,” anatero wina. “Amasankha ndi mtima, osati ndi mutu.”

“Ndikupatse nzeru zaulere,” anapitiriza Tavion. “Achimwene akowo anatha. Ngakhale utandipatsa ulere sindingawatenge. Koma usawachotse, chonde. Ndiwo akundithandiza.”

Odessa anakankha mbale n'kutuluka. Anakakhala pa masitepe a kuseri n'kutsegula foni.

Foni inkalosera kuti iye ndi Tavion asiyana ndi mapointi awiri kapena atatu okha. Kwa Renard inkalosera mapointi khumi ndi imodzi. Koma foni sinaone tambula ija ikugwa. Odessa yekha mu ligi yonse ndiye ankadziwa kuti dzanja limenelo silingabweretse ngakhale mapointi atatu.

Pa benchi pake, pamalo osungira osewera amene sakuwagwiritsa ntchito, panali wowakha mpira wina dzina lake Mabry. Ameneyu anali bwinobwino, ndipo ankakumana ndi timu yofooka. Kungomukweza Mabry n'kumutsitsa Renard, nkhuku inali ya Tavion.

Vuto linali nthawi. Wosewera akangoyamba masewera ake, foni imamutsekera pamene ali, sasunthikanso. Masewera a Mabry ankayamba 12 koloko masana, pamene a Renard ankayamba itadutsa 3 koloko. Odessa sakanadikira mpaka mchimwene wake atalowa m'bwalo. Akafuna kusintha, ankayenera kutero maola atatu Renard asanasewere, ndipo mndandanda wa munthu aliyense unkaoneka kwa onse a mu ligi.

Mtsikanayo anagwira njakata. Kumusiya Renard kunali kuvala nkhuku pamaso pa tawuni yonse. Kumuchotsa kunali kuchita chinthu chimene sanachitepo zaka zitatu. Loweruka lonse anangozungulira m'nyumba, chakudya osachikhudza, mpaka amayi anamugwira pachipumi kuona ngati watentha thupi.

5. Mphindi zisanu ndi zitatu

Lamlungu kutchalitchi abusa anapempherera odwala, anapempherera asodzi, kenaka anapempherera “mwana wathu Renard, kuti manja ake akhale olimba lero.” Mpingo wonse unavomera mokweza. Mayi Verna anavomera motsitsa, maso ali pansi.

Mapemphero anatha 12 koloko itatsala pang'ono. Amayi anatsalira pakhomo kupatsana moni ndi anzawo a kwaya, ndipo moni wa amayi amenewa sachedwa kusanduka msonkhano. Odessa anakalowa m'galimoto n'kutseka chitseko.

Kunatsala mphindi zisanu ndi zitatu.

Uthenga unalowa. Chinali chithunzi cha chovala chija chitayanikidwa pachingwe kuseri kwa nyumba ya Tavion, mapiko ali tambasu. Pansi pake analemba kuti, “Takuchapira, usadandaule za fungo.”

Odessa anayang'ana kunja. Mphambano ija inkaoneka bwino kuchokera pa tchalitchi. Anthu onse amene ankatuluka m'mapempherowa amadutsa pomwepo Loweruka popita kogula zinthu.

Anatsegula mndandanda wake. Nkhope ya Renard inali pamwamba, ikumwetulira monga inkamwetulira patebulo paja.

“Sindikuuza munthu,” anatero Odessa chapansipansi, ali yekha m'galimotomo. “Pakamwa panga sipanatuluke kanthu.”

Anaika chala pa dzina la Mabry n'kulikweza. Dzina la Renard linatsika lokha kupita pa benchi. Foni inafunsa ngati watsimikiza, ndipo iye anavomera.

Itakwana 12 koloko, pambali pa dzina la Mabry panaoneka kachizindikiro ka loko. Malo anali atatsekeka.

6. Akudziwa chiyani?

Odessa asanafike n'kunyumba komwe, Tavion anali atalemba kale.

“Eee! Wachotsa achimwene? Pali chiyani, Dessa?”

Uthenga wina unatsatira pomwepo.

“Dessa, akudwala eti? Tatitsineko khutu.”

Odessa anazimitsa kulira kwa foni n'kuiika m'thumba. Anaganiza kuti akakhala chete nkhaniyo ifera pomwepo.

Tavion sanali mwana woipa mtima, anali wokonda kuseketsa anthu basi. Anajambula mndandanda wa Odessa n'kuuponya pa intaneti, pamene aliyense angaone. Analemba kuti: “Zaka zitatu sanamuchotsepo. Lero mlongo wake weniweni wamuika Renard Guillory pa benchi. Akudziwa chiyani chimene ife sitikudziwa?”

Anzake asanu anaseka n'kutumizira ena. Mmodzi mwa enawo anatumizira munthu wina wa kutali, mwa aja ntchito yawo ndi kulangiza anthu za osewera oyenera kusankha. Ameneyo anali ndi omutsatira ochuluka kuposa anthu a m'tawuni yathu kuwirikiza kambirimbiri. Pofika 1 koloko, anthu amene sanamvepo za Ledoux anali akukangana za mtsikana wa kusukulu ndi benchi yake.

Kunyumba, amayi anavala malaya a nambala 83, nambala ya Renard, n'kuyatsa wailesi ya kanema. A Alcide anafika ndi nkhuku yokazinga m'pepala monga ankachitira Lamlungu lililonse. Odessa anakhala kumapeto kwa sofa, manja ali pakati pa mawondo.

Itangotsala pang'ono 2 koloko, woulutsa nkhani za masewera anasintha nkhope.

“Tangolandira kumene,” anatero. “Renard Guillory sasewera lero. Mphekesera zitayamba kuzungulira masana ano, madokotala a timu anamuitana n'kumuvula gulovu. Apeza kuti dzanja lake lamanja lili ndi fupa losweka. Mphunzitsi wa timu wati iye sanauzidwe kanthu sabata yonseyi, ndipo akambirana za tsogolo la wosewerayu mawa.”

Amayi anagwira pakamwa. “Ambuye! Wanena ndani? Tinalipo anayi okha patebulo paja.”

Foni ya a Alcide inalira kamodzi. Unali uthenga wochokera kwa mnzawo wina wometa tsitsi. Anauyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaika foniyo patebulo, pakati pa mbale, kuti onse aone. Panali mndandanda wa Odessa, nkhope ya Renard ili pansi.

Amayi anawerenga mawu a Tavion kawiri. Za fantasi sankazidziwa, koma mawu akuti benchi sanafune womasulira.

“Unauza munthu?” anafunsa a Alcide, mawu awo ali ofatsa.

“Ayi, amalume. Sindinauze aliyense.”

“Ndikudziwa,” anatero iwo. “Mnzanga uja nayenso sanauze aliyense.”

“Ndimaopa chovala chija,” anatero Odessa, misozi ikuyamba kutsika. “Akanandijambula. Akananditcha Nkhuku mpaka kumaliza sukulu. Sindimadziwa kuti zifika kumeneko.”

“Mwanangu,” anatero amayi, “chovala umavula pofika masana. Mkulu wako akavula malaya awa, ndani adzamuvekenso?”

M'thumba mwa Odessa foni inkangonjenjemera. Anaitulutsa kuti aizimitse, ndipo maso ake anagwera pa nambala. Mabry anali atagoletsa kawiri. Odessa anali patsogolo pa Tavion ndi mapointi makumi awiri, ndipo anyamata a mu ligi ankamuyamikira. “Wakula tsopano,” analemba wina. “Wayamba kusankha ndi mutu.”

Anali asanaonepo chipambano chowawa chotere. Anaitembenuza foniyo n'kuiika pansi pa khushoni.

Masewera a timu ya Renard atayamba, kamera inamupeza ataima m'mbali mwa bwalo, atavala jekete wamba, dzanja lili m'bandeji. Palibe mnzake amene anaima naye pafupi. Kamnyamata kaja kanathamanga pamalo pake n'kuwakha mpira woyamba. A Alcide anadzuka n'kukazimitsa kanemayo.

Anakhala choncho atatuwo, nkhuku yokazinga ikuzizira m'pepala. Dzuwa litapendeka, foni ya amayi inalira. Anayang'ana dzina, anapukuta m'maso, n'kuyankha.

“Mwanangu.”

Anamvetsera nthawi yaitali. “Inde,” ankatero. “Inde, ndamva. Mawa nthawi yanji? Inde. Ali pompano.”

Kenaka anachotsa foniyo kukhutu n'kuitambasulira kwa Odessa.

“Ndi mkulu wako,” anatero. “Akuti akufuna alankhule ndi bwana wake.”

Odessa anayang'ana amalume, koma iwo anali akuyang'ana pansi. Foni inali lende pakati pa iye ndi amayi ake, ndipo mkatimo munkamveka kupuma kwa munthu amene akudikira.